Ludzu la Nkhosa Yamkuwa

Idabwera Lachiwiri m'bokosi lamatabwa,
yokulungidwa m'nyuzi za chilankhulo chomwe sindichidziwa.
Mayi Oosthuizen adati, Gwira ndi manja awiri, Tsilizani,
mtengo wake ukuposa lendi yako ya zaka zisanu.
Ndidagwira ndi manja awiri.
Kwathu ku Ntcheu ndimo timalandirira chinthu kwa wamkulu.

Nkhosa yamphongo, yosaposa nkhuku yathadzi,
nyanga zopindikira kumakutu,
mkuwa wake wobiriwira ngati ndere,
mwendo umodzi wakumbuyo wochita kuwotcherera.
Pamsana bowo lothirira,
kukamwa kabowo kotulukira.
Kapepala kake kadati idasulidwa kutali, kalekale,
ankathirira nsembe,
koma yopita kwa yani, kapepala kadangoti zii.

Masabata atatu idaima pa shelefu yagalasi
m'sitolo yathu ya zamakedzana ku Parkhurst,
pakati pa wotchi yakufa ndi nyale yopanda chingwe.
Obwera ankawerama, ankajambula ndi foni,
wina adafunsa ngati angaikemo maluwa.
Ine m'mawa uliwonse ndi kansalu kanga
ndinkaipukuta pamphuno osalankhula,
iyonso osalira, kukamwa kuli yasa
ngati munthu amene adamudula mawu pakati.

Loweruka lina la Juni, chisanu chikuluma zala,
magetsi atathima monga mwa ndandanda,
ndidapita nayo kuseri, pa mpopi wapabwalo,
kukachotsa kangaude amene adamanga m'mimba mwake.
Madzi adandiletsa, ndikudziwa.
Ndidangoti pang'ono pokha.

Adalowa pamsana. Idakhala kaye phee,
kenaka idatsokomola kamodzi
nkuyamba kutulutsa kaulusi ka madzi,
kakuda poyamba, kenaka koyera,
kugwera pa dothi la pakati pa njerwa.
Maondo anga adapinda okha.

Mawu sindidawakonze.
Malume Fulatira, ndidatero, inu amene
mudakwera ndege ya Wenela ndi bulangete limodzi,
mudatumiza makalata awiri ndi wailesi yopanda mabatire,
kenaka basi.
Kumudzi adakutchani mtchona,
mlongo wanu adakana dzinalo mpaka tsiku lomwe tidamuika.
Ndafunsa nkhalamba za m'mahositelo,
ndawerenga manambala pa manda opanda maina,
palibe wokumbukira munthu wampata kumano
amene ankaimba mluzu pokonza njinga.
Minibasi ya ku Rosettenville imandidutsitsa
pa milu yachikasu ija m'mawa ndi madzulo,
fumbi likandilowa m'maso sinditikita,
ndimati mwina ndinu.
Landirani. Si masese, si ufa wamapira,
ndi madzi a khonsolo, olipira pa mita,
odzera m'kamwa mwa nkhosa ya eni ake,
amene nawonso maina awo adatayika.
Ngati muli nawo pafupi kumeneko, mugawane.

Dothi lidamwa onse.
Kuseri kwa mpanda galu wa aneba adauwa kawiri nkuleka,
jenereta ya malo odyera idapitiriza kulira.

Magetsi atayaka ndidaiumitsa
ndi choumitsira tsitsi chomwe timamatulira mapepala a mitengo,
nkuibwezera pa galasi, nkhope kuyang'ana kumsewu.
Lolemba adaigula bambo wa jekete lachikopa,
adalipira ndi khadi, osanenerera,
akuti ikakhala pa tebulo la m'chipinda chochezera.
Ndidaikulunga ndekha m'nyuzi zathu zakuno,
nyanga iliyonse payokha,
ndidakhoma misomali isanu ndi umodzi.

Ponyamulira ku galimoto, bokosi litapendekeka,
ndidamva kadontho kotsalira
kakuyenda m'mimba mwake, kupita chakukhosi.
Bamboyo adati, Pali vuto?
Ndidati, Ayi bwana,
ingoti musamaigoneke chagada.